Chimene Chinapha Bambo Anga ku Limbe

Abale ndi alongo, zikomo pondipatsa mpata uno. Ambiri mumandidziwa ngati bambo uja amakhala kumbuyo pafupi ndi chitseko, wopinda mipando mapemphero akatha kenako n'kusowa osatsanzika. Ndine Dalitso, bambo ake a Tadala. Kulankhula pagulu sindinakuzolowere, ndiye mawu akamanjenjemera mundipirire. Ndaimirira chifukwa m'chipinda chino ndikuonamo anyamata angapo amene akuyenda njira imene ndinayenda ine. Njira imeneyo inakandisiya chagada m'sinoo, chipale chofewa chija, pakhomo panga ku Scarborough kuno, ndili ndi zaka makumi atatu ndi zisanu ndi chimodzi zokha, mwana wanga akundiyang'ana pawindo.

Ndinakulira ku Bangwe, m'manja mwa agogo anga aakazi, aNambewe. Amayi anamwalira ndili wamng'ono, moti nkhope yawo sindiikumbukira. Za bambo, pakhomo pathu panalibe wozitchula. Koma tsitsi langa ndi mphuno yangayi zinkadzinenera zokha. Kusukulu anzanga ankanditi Kamwenye, ena n'kumandifunsa mtengo wa nsalu ndikamadutsa. Ndikafika kunyumba misozi ili m'maso, agogo ankandiyang'ana n'kunena kuti, "Amuna anga, mwadya? Idyani kaye." Kwa agogo funso lililonse yankho lake linali mbale. Ndinaphunzira kusafunsa. Ndinkangokhala pakona, maso ali mwaa, kuona zonse, pakamwa pali tsekeke.

Agogo anagwira ntchito yophika zaka zambiri kunyumba ya amwenye ena a sitolo ya nsalu ku Limbe. Atawachotsa ntchito anatulukako ndi chinthu chimodzi, manja odziwa kupinda samusa. Samusa zimenezo n'zimene zinandilipirira sukulu. M'mawa uliwonse mbaula ili ngwee, chiwaya chakuda chili pamoto, mafuta ake omwe aja a dzulo ndi dzana, ongothiramo ena pang'ono. Fungo la anyezi ndi tsabola linkafika mpaka kumsewu. Ine ndinkakhala pa kampando n'kumayang'ana zala zawo. Ndinafika podziwa ndi khutu lokha kuti mafuta atentha. Samusa zong'ambika, zosagulitsika, zinali zanga, ndipo ndimakhulupirira mpaka lero kuti zina ankazing'amba dala.

Sukulu inandiyendera. Ndinaphunzira za makompyuta, mwayi unapezeka, ndinabwera kuno kutsidya kwa nyanja, n'kupeza ntchito ku ofesi ina ku Markham. Ndinakwatira amake Tadala, awo akhala apowo, a ku Chipata. Moyo unasanduka mpando. Mpando wa galimoto m'mawa, mpando wa ofesi tsiku lonse, mpando wa pabalaza madzulo. Manja ndi miyendo zinakhalabe zowonda monga kale, koma mimba inatuluka. Nditatumiza chithunzi kumudzi, agogo anachita kululuta pafoni. "Eee, amuna anga atuluka mimba ya bwana! Aziona a Bangwe onse. Tsopano ndikhoza kufa ine." Ndinanyada. Mwana wamasiye wodya zong'ambika uja anali atafika.

Amake Tadala ankandigwira pamimbapo n'kunena kuti, "A Dalitso, iyi si ya chuma iyi." Ine ndinkati, "Nsanje basi. Kwanu ku Chipata simunaionepo."

Agogo anamwalira nthawi ya mliri uja, ndege zitaima. Munthu amene anandisambitsa, kundidyetsa ndi kundigoneka, ndinamuika m'manda ndikuonera pa foni, chithunzi chikuduka-duka. Sindinalire pamaso pa munthu. Sindinauze abusa, sindinauze mkazi wanga. Ndinachita zimene ndinazolowera, kukhala chete.

Apa ndifulumire, chifukwa kutsika sikuchedwa. Ndinayamba ndi ndudu imodzi pa nthawi yopuma, posakhalitsa paketi inkatha tsiku limodzi. Mowa unayamba Loweruka, kenako Lachisanu, kenako unaiwala masiku. Botolo linkakhala kumbuyo kwa galimoto, pansi pa tayala losungira. Tulo tinachepa. Ndiye ndinapeza kasitolo ka amwenye pa pulaza ina, pamalo a timasitolo kufupi ndi kwathu. Tsiku loyamba kutsegula chitseko chake, fungo linandimenya ngati ndalowa m'khitchini ya agogo. Kuyambira pamenepo ndikaweruka ndinkagula jumbo yodzaza samusa ndi tiyi wa mkaka wa shuga wambiri, n'kukhala m'galimoto injini ikulira, kudya ndekha, kusuta, kumwa, maso ali pa khoma la sitolo. M'galimoto mmenemo ndinkakhala ndili ku Bangwe. Ndikafika kunyumba ndinkadyanso, kuti asandifunse.

Kuntchito anandichenjeza kawiri. Tsiku lina Tadala anali ndi sewero kusukulu, anandipempha sabata yonse kuti ndikamuone. Ndinafika pa sukulupo, koma sindinatuluke m'galimoto, chifukwa ndinali nditaledzera dzuwa lili pamutu. Ndinaona makolo ena akutuluka atagwira ana awo padzanja, ine nditabisa nkhope kuseri kwa chiwongolero. Madzulo ake amake Tadala anandiuza osakweza mawu kuti, "Sukulu ikatsekera ndimutenga mwanayu tipite kwa akulu anga ku Hamilton. Inu mutsale ndi galimoto yanuyo."

Nthawi yonseyi pachifuwa pankanditentha, makamaka ndikakwera masitepe. Ndinkati n'chilungulira. Ndinkasungunula soda m'madzi n'kumwa, monga ankachitira agogo. Dokotala wathu wa banja anali atandifunsapo kale ngati kumtundu kwathu kuli matenda a mtima kapena a shuga. Ndinayankha kuti kulibe. Sindinkaona ngati ndikunama. Inu mukudziwa kwathu mmene timanenera za imfa. Munthu anangodwala pang'ono. Munthu anangogwa. Nthawi yake inakwana. Ukafunsa zambiri akuti ukufuna kuloza ndani.

Linali tsiku la Loweruka m'mawa, sinoo itagwa yambiri, ija yonyowa yolemera ngati dothi la dambo. Ndinatuluka ndi fosholo kuti ndichotse panjira ya galimoto, mutu ukadali wolemera ndi mowa wa dzulo lake. Ndinaponya kangapo. Kenako ndinamva ngati munthu wandikhazika thumba la simenti pachifuwa. Ululu unakwera m'nsagwada, n'kutsikira dzanja lamanzere. Kunja kunkazizira koti mphuno kuuma, koma thukuta linali kamukamu msana wonse. Ndinati ndikhale pansi pang'ono. Ndinapezeka ndagona chagada.

Chimene ndinaona si angelo ayi. Ndinaona windo la pabalaza, ndi Tadala ali chiimire atavala zogonera zake, kapu m'manja. Ana a kuno amakonda kugona m'sinoo n'kumakupiza manja kuti ajambule mapiko. Mwana wanga ankaganiza kuti bambo ake ayamba kusewera. Anaseka. Anandibayibitsa. Anali asanandisekerere chotero kwa miyezi. Ndinayesa kukweza dzanja kuti ndimuitane, iye n'kumaona ngati ndikubayibitsanso.

Abale anga, pamenepo imfa sindinaiope. Chimene chinandigwira ndi ichi: mwana uyu akakula adzakhala pakona ngati ine, kumayang'ana bambo a anzake. Adzafunsa kuti bambo anga anatani, adzamuuza kuti anangogwa. Ndinapemphera pemphero lalifupi kuposa onse amene ndinapempherapo. Ndinati, "Ambuye, osati pamaso pake."

Tadala ataona kuti sindikudzuka anaitana amake. Ambulansi inabwera. Kuchipatala anapeza mtsempha umodzi wa mtima utatsekeka, wina uli pafupi kutero. Analowetsa kachubu kudzera pamkono apa, n'kusiyamo kachitsulo kakang'ono kotsegula njira ya magazi. Anapezanso kuti shuga ndinali naye kale, magazi akuthamanga, mafuta m'magazi ali ochuluka. Zonsezo ndinkayenda nazo ine ndikumwa soda.

Mawa lake kunabwera dokotala wa mtima, mayi wachitsikana ndithu, amene makolo ake anachokera ku India. Anawerenga za ine, kenako anandiyang'anitsitsa nkhope nthawi yaitali, monga ankachitira anthu a m'masitolo a ku Limbe ndili mwana.

"Bambo, mundikhululukire funso ili," anatero. "Mwa makolo anu, alipo wochokera ku India kapena maiko oyandikana nawo?"

Amake Tadala anayang'ana pansi. Ankadziwa, poti maso ali nawo, koma pa zaka zonse za banja lathu nkhaniyi tinali tisanaikambepo. Mawu amene ndinayankha ndinali ndisanawatulutsepo chibadwire.

"Bambo anga," ndinatero. "Koma sindinawadziwe."

Dokotalayo anakoka mpando n'kukhala. Anati anthu a magazi a kwawoko matenda a mtima amawapeza msanga, ena asanaone n'komwe ana awo akulowa sekondale. Anati ambiri saoneka onenepa, manja ndi miyendo zowonda ngati ine, koma mafuta amakaunjikana m'mimba, kukuta ziwalo za m'kati, ndipo shuga amabwera mwakachetechete munthu akadali mnyamata. Anati pali mtundu wina wa mafuta a m'magazi umene munthu amachita kubadwa nawo. "Magaziwo simunasankhe," anatero. "Koma pamwamba pake mwaikapo fodya, mowa, zokazinga, kukhala pansi tsiku lonse, kusagona, ndi nkhawa imene simuuza munthu. Mchimwene wanga weniweni ndimakangana naye za zomwezi. Fufuzani chimene chinapha bambo anu. Si za inu nokha. Mwana wanu adzafunika kudziwa."

Ndinaimbira amayi aang'ono, ang'ono awo a malemu amayi anga, amene anatsala panyumba ya agogo ku Bangwe. Titapatsana moni ndinangolunjika.

"Amayi, bambo anga chinawapha n'chiyani?"

Ndinkamva nkhuku ndi wailesi ya oyandikana nawo.

"A Dalitso, muli pa bedi la chipatala n'kumafunsa za akufa? Mukufuna kudziitanira chiyani?"

"Adokotala ndi amene akufunsa, amayi."

"Madokotala a kumeneko alibe mankhwala, achita kufunsa mizimu?"

Ndinaseka ngakhale pachifuwa pankawawa. Kenako amayi aang'onowo anayamba kufotokoza. Anati bambo anga anali mwana wa m'nyumba ija agogo ankaphika. Amayi anga ankapita kukathandiza agogo kuchapa, n'kukondana ndi mnyamatayo. Mimba itaoneka, eni nyumba anachotsa agogo ntchito tsiku lomwelo, mnyamatayo n'kumupezera mkazi wa mtundu wawo. Anati bambo angawo anabwerapo kamodzi ku Bangwe, galimoto anaisiya kutali kuti anthu asaone. Anandinyamula, ine n'kumukodzera pa malaya, iye osafuna kundibweza.

"Nanga imfa yawo?"

"Anagwa m'sitolo, akuyeza nsalu ya kasitomala. Tepi ili m'manja. Zaka makumi anayi sanafike. Akulu awonso chimodzimodzi, anagwa pa ukwati wa m'bale wawo. Bambo awo aja kaya, akuti nawonso mtima. Agogo anu anapita kumaliro, anakaima kunja kwa geti mpaka thupi linatuluka, n'kubwerera kudzakazinga samusa."

"Ndiye bwanji sanandiuze?"

"Akuuzeni kuti mutani nazo? Inu munali mwana. Komanso ife tinkati amenewo ndi matenda a kumpanda, a anthu odya batala. Inu mumadya nafe bonya ndi nkhwani, akanakupezani bwanji ku Bangwe?" Kenako anati, "Koma anthu aja ndi oipa. Sitolo anatsala nayo okha, matenda n'kukugawirani."

Tinaseka tonse, kenako tinalira tonse. Aka kanali koyamba kulira agogo anga, ndipo ndinalira ndi bambo amene sindinawaone. Amake Tadala anandigwira phazi pamwamba pa bulangete.

Agogo sindiwaimba mlandu. Anandibisira poganiza kuti akunditchinjiriza, ndipo anandidyetsa chimene anali nacho. Koma chimene anandibisiracho chinawoloka nane nyanja, chili m'mitsempha.

Tsopano ndinene mmene ndinabwerera, chifukwa pemphero linanditsegulira chitseko koma kuyenda ndinayenda ndi miyendo. Choyamba ndinapereka makiyi a galimoto kwa amake Tadala, ndipo ndinawasonyeza ndekha pamene ndinkabisa botolo. Anati, "Ndinkadziwa kalekale. Mumayesa tayala limanunkha choncho?" Za ku Hamilton sanazitchulenso, koma sanalonjezenso kanthu. Anati aona.

Fodya ndiye anandivuta kuposa mowa. Ndinabwereranso kusuta kawiri. Kachiwiriko ndinakauza dokotala m'malo mobisa, anandipatsa zomata pakhungu zothetsa chibaba, ndipo abusa athu ankandiimbira nthawi yoweruka, nthawi imene ndinkakonda kukhotera ku pulaza ija. Sankalalikira ayi. Ankangoti, "Achimwene, muli pati?" Ine n'kunena kuti ndili m'basi. Iwo amvekere, "Tembenuzani kamera ndione."

Mankhwala ndimamwa tsiku lililonse, ndipo ndidzamwa mpaka kalekale. Wina pano anandiuzapo kuti kumwa mapiritsi n'kuchepa chikhulupiriro. M'bale wanga, Mulungu amene anandidzutsa m'sinoo ndi yemweyo anaika dokotala uja pa mpando pafupi ndi bedi langa.

Chipatala chinanditumiza ku makalasi olimbitsa mtima. Ndinkayembekeza kupeza nkhalamba zokhazokha. Ndinapezamo anyamata a msinkhu wanga, angapo a nkhope ngati ya bambo anga, oyendetsa mathiraki, a makompyuta, wina mkazi wake ali ndi pakati poyamba. Nkhani zathu zinali zofanana. Kukhala pansi maola ambiri, kudya zokazinga za m'njira, tiyi wa shuga kangapo pa tsiku, ndudu, ndi bambo kapena amalume amene anangogwa. Mmodzi wa iwo atamva mbiri yanga anandimenya paphewa n'kunena kuti, "Ndiye ndiwe wathu. Pepa, cholowa chathu n'chomwechi." Moyo wanga wonse dzina lija la Kamwenye linali chitonzo. Kumeneko linandipezera abale.

Nyengo yozizira ndimayenda m'molo, chinyumba cha masitolo chija, m'mawa masitolo asanatsegule, pamodzi ndi agogo a Chitchaina amene amandipitirira ngati ndaima. Kukafunda ndimatsika basi kutali n'kumalizira wapansi. Sikelo ndinasiya kuikhulupirira, chifukwa inkandiuza kuti ndili bwino. Ndimayeza m'chiuno ndi tepi. Pa mbale, ndiwo zamasamba ndi nyemba ndi nsomba zinalanda malo, nsima ndi mpunga n'kuchepa. Samusa sindinazisiye, ndisanameko pamaso pa Mulungu. Ndimapinda ndekha kamodzi pakanthawi, n'kuziika mu uvuni m'malo mwa chiwaya. Sizikoma ngati za aNambewe. Palibe chimene chidzakome ngati zimene zija. Ndinavomera.

Ndiye anyamata, ndi inu alongo, ndikupempheni. Ena mwa ife tili ndi magazi a chimwenye, a ku Limbe, a ku Lilongwe, a ku Chipata, ndipo timawabisa chifukwa cha mmene tinawapezera. Dokotala musamubisire. Ena mulibe, koma mimba ya bwana muli nayo, ndudu muli nayo, mashifiti awiri muli nawo. Kayezetseni magazi, shuga ndi mafuta, musadikire kuti mumve kupweteka. Pachifuwa pakamatentha mukakwera masitepe, si nkhani ya soda. Ndipo imbani foni kumudzi akuluakulu akadali moyo. Akakuuzani kuti anangogwa, funsani kuti anagwa bwanji, ali ndi zaka zingati, ndani winanso anagwa chotero. Adzakukalipirani. Funsanibe.

Tadala ndinamuuza zonse, za agogo ake aamuna a m'sitolo ya nsalu, ndi kuti akadzakula azikayezetsa msanga. Anamvetsera, n'kundifunsa m'Chingelezi ngati ndiye kuti ali ndi abale ku India. Ndinati mwina. Anati ndiye tsitsi lakelo wadziwa kumene linachokera.

Mwezi wathawu ndinali pansi pabalaza ndikumanga nsapato zoyendera, iye ali pampando kumbuyo kwanga. Ndinangomva zala zake m'mutu mwanga. Chichewa chake mukuchidziwa, n'chothyoka, koma tsiku limenelo anayesetsa.

"Adadi, muli ndi tsitsi loyera. Limodzi. Ndichotse?"

Amake ali kukhitchini anafuula kuti, "Zula, mwana wanga, asatichititse manyazi kutchalitchi."

Ndinamugwira dzanja. Bambo anga imvi sanazione. Akulu awo sanazione. Ine ndine woyamba.

"Isiye imviyo," ndinamuuza. "Uziiyang'anira. Zikachuluka udzandiuze."

Zikomo, abale. Ambuye akusungeni, inunso mudzisunge.